Kodi ndingalipire Google kuti osaka loji ya mnzanga aziona yanga?

Mayi wina amene ali ndi loji ya zipinda zochepa kuno ku Chipata walemba kuti: "Nc'wala ikamayandikira mu February, alendo ochokera ku Lusaka amasaka malo ogona pa foni. Mwana wanga amene amandithandiza za intaneti akuti tilipire Google kuti munthu akalemba dzina la loji ina yotchuka ya m'tauni muno, malonda athu azituluka pamwamba. Akutinso dzina lomwelo tilibise m'tsamba lathu. Iye akuti aliyense amatero. Kodi sadzanditengera kukhoti?"

Amayi, mwana wanu wakuuzani zinthu zingapo ngati kuti ndi chimodzi, koma kuopsa kwake sikofanana. Kulipira kuti malonda anu azituluka munthu akalemba mawu akutiakuti, kumeneko n'kwina. Zimene munthuyo aziwerenga malondawo akatuluka, n'kwinanso, ndipo milandu yambiri imabadwira pamenepa.

Pa Google Ads mumasankha mawu osakira, amene anyamata a zimenezi amati ma keyword, n'kunena ndalama imene mungalipire munthu akadina malonda anu. Mawuwo mlendo sawaona. Iye amangoona mutu wa malonda, mizere iwiri kapena itatu, ndi dzina la webusaiti. Malamulo a Google saletsa kusankha dzina la bizinesi ya munthu wina ngati mawu osakira. Makhoti akunja nawonso anaiweruzapo nkhaniyi. Mu 2010 khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya, pa mlandu wa Louis Vuitton ndi Google France, linanena kuti Google siinalakwe pogulitsa mawuwo, koma wotsatsa malonda angapezeke wolakwa ngati munthu wamba wogwiritsa ntchito intaneti sangathe kuzindikira msanga kuti malondawo ndi a mwini dzina kapena a munthu wina. Mu 2016 khoti la apilo la ku South Africa linaweruza mlandu wa makampani awiri a mipanda ya waya, Cochrane Steel ndi M-Systems, wokhudza dzina la ClearVu. Linanena kuti kugula dzina la mnzako ngati mawu osakira sikulakwa pakokha, bola ogula asasokonezeke.

Zigamulo zimenezi sizimanga oweruza a ku Zambia, ngakhale loya angazitchule pothandizira mfundo zake. Koma funso limene khoti lathu limafunsa silisiyana kwenikweni. Mu 2000 Supreme Court ya kuno, pa mlandu wa Trade Kings ndi Unilever wokhudza sopo wa Geza ndi wa Geisha, inanena kuti chofunika si choti woweruzayo akanapusitsika kapena ayi, koma ngati wogula wamba angapusitsike. Muganizire mayi amene aika beseni lake la mtedza pafupi ndi khomo la sitolo yaikulu pofuna kuti olowa ndi otuluka amuone. Mwini sitolo angadandaule, koma palibe wanamizidwa. Tsiku limene mayiyo adzavale yunifolomu ya sitoloyo, mlandu wayamba.

Yunifolomuyo imavalidwa mosavuta kuposa mmene mungaganizire. Pa Google Ads pali njira ina, imene amati keyword insertion, imene imatenga mawu anu osakira n'kuwalowetsa yokha mu mutu wa malonda. Mwana wanu akaitsegula, dzina la loji ya anzanuwo lidzaoneka m'zilembo zikuluzikulu pamwamba pa nambala yanu ya foni, inu musakudziwa. Ku England mu 2014 Amazon inagonja kukhoti pa nkhani yofanana ndi imeneyi: malonda ake ankaonetsa dzina la sopo wa Lush, pamene sopoyo sinkagulitsa. Muuzeni mwanayo akuonetseni pa foni malonda enieniwo monga mmene mlendo awaonere. Dzina la loji yanu likhale mu mutu, poyera, ndipo la anzanuwo lisapezeke paliponse.

Palinso malo ena amene anthu saganizirako, ndiwo pa foni ya kulandirira alendo. Mlendo wadina malonda anu akuganiza kuti ndi loji inayo, waimba n'kufunsa kuti, "Kodi ndi kwakutikwakuti kumeneko?" Mtsikana wanu wa pa desiki, pofuna kudzaza zipinda, akuyankha kuti, "Inde, bwerani." Apo mwagulitsa malo anu m'dzina la eni ake. Maloya amati passing off, ndipo munthu angakusumireni pa mlandu umenewu ngakhale dzina lakelo sanalilembetse ngati chizindikiro cha malonda, bola aonetse kuti dzinalo n'lodziwika, kuti anthu anasocheretsedwa ndiponso kuti iye wataya nazo malonda. Mlendoyo nayenso angakadandaule ku CCPC, bungwe loteteza ogula. Lamulo lake la 2010 limaletsa kusocheretsa ogula, ndipo chindapusa chake chingafike pa 10 peresenti ya ndalama zonse zimene bizinesi yalowetsa pa chaka, osati za phindu zokha ayi.

Za kubisa dzina m'tsamba, musavutike nazo. Google inalengeza mu 2009 kuti siwerengera mawu amene anthu amaika pamalo obisika otchedwa meta keywords, ndipo kulemba mawu oyera pamalo oyera kuti maso asawaone kumaphwanya malamulo ake, moti tsamba lanu lingatsitsidwe. Phindu palibe, pamene loya wa anzanuwo akawapeza mawuwo adzawaonetsa ngati umboni woti munachita dala.

Tsono maganizo anga ndi awa: ngakhale lamulo lingakuloleni kugula dzinalo mosamala, ine ndalama yanga sindikanaika pamenepo. Munthu amene walemba dzina la loji watsimikiza kale kumene akufuna kukagona. Ambiri adzadina, adzaona kuti si komweko, n'kubwerera, ndipo inu mwalipira kale. Google nayonso imaonjeza mtengo ikaona kuti tsamba lanu silikugwirizana ndi zimene munthu wasaka. Chinanso, Chipata ndi tauni imene eni malo ogona amadziwana. Pa Nc'wala zipinda zikadzaza, amene amakutumizirani alendo otsala ndi anzanu omwewo. Gulani mawu a munthu amene sanasankhe: wosaka malo ogona ku Chipata, pafupi ndi Mtenguleni kumene kumachitikira Nc'wala, panjira ya ku Mfuwe, kapena wofuna kugona asanaoloke malire a pa Mwami m'mawa. Ndipo popeza Google nthawi zina imatulutsa malonda anu pa mawu amene yaona kuti akufanana ndi anu, mayina a maloji enawo muwaike pa mndandanda wa mawu okanidwa, umene amati negative keywords.

Funso lachiwiri lachokera kwa bambo wogulitsa mafoni pafupi ndi msika wa Kapata: "Ndimagulitsa Samsung, Tecno ndi Itel. Kodi ndingalembe mayina amenewa pa malonda anga ndi pa Google Maps?"

Bambo, ngati katunduyo ndi weniweni, kunena zimene mukugulitsa si mlandu. Simungagulitse Tecno osatchula Tecno, ndipo Google imalola ogulitsa kutchula dzina la katundu ngati tsamba limene munthu afikire likugulitsadi katunduyo. Malire ake ali pa kudzionetsa ngati nthambi ya kampaniyo. Musatche shopu yanu "Samsung Chipata" pa Google Maps, musalembe kuti ndinu ejenti wovomerezeka ngati mulibe pangano lolembedwa, ndipo chizindikiro chawo chisakule kuposa dzina lanu. Pa Google Maps amafuna dzina lenileni la bizinesi, limene lili pa chikwangwani chanu. Mukalidzaza ndi mayina a mafoni angakuchotsenipo. Dzina la webusaiti nalonso musalimange pa dzina la eni: mayina othera ndi .com mwini chizindikiro angathe kuwalanditsa kudzera ku WIPO, bungwe la dziko lonse loona za zizindikiro za malonda, popanda kubwera kukhoti la kuno. Sungani malisiti a kumene mumaoda. Machaja ndi mabatire achinyengo olembedwa dzina lotchuka, amenewo ndi nkhani ina yolemera, ndipo kuwatsatsa pa intaneti n'kudziitanira apolisi.

Kalata yachitatu ndiyo yandikhudza kwambiri, chifukwa mwini wake ndi amene akulakwiridwa. Ndi mayi wa ku Katete wopanga chiponde: "Ndinalembetsa dzina la bizinesi yanga ku PACRA. Tsopano ndikalemba dzinalo pa Google ndi pa Facebook pakutuluka malonda a munthu wina amene dzina lake likusiyana ndi langa chilembo chimodzi. Makasitomala ena andiimbira kudandaula za chiponde chimene si changa. Ndichite chiyani?"

Amayi, pepani ndithu. Ndiyambe ndi chimene chimapweteka anthu ambiri: satifiketi ya dzina la bizinesi si satifiketi ya chizindikiro cha malonda, chimene amati trademark. Zonse ziwiri zimachokera ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, koma ndi mabuku awiri osiyana, mafomu osiyana ndi malipiro osiyana. Yoyambayo imakulolani kuchita bizinesi m'dzinalo, kutsegula akaunti ku banki ndi kulembetsa ku ZRA, bungwe la misonkho. Yachiwiriyo ndiyo imakupatsani mphamvu zoletsa ena kuika dzinalo pa katundu wa mtundu wanu. Mu 2012, pansi pa lamulo lakale la zizindikiro za malonda, Supreme Court inaweruza mlandu wa DH Brothers ndi Olivine, pamene kampani imene inkagwiritsa ntchito dzina losalembetsa inalephera kuletsa inzake kulilembetsa. Choncho musadikire kuti munthu winayo akafike ku PACRA inu musanafike.

Sabata ino chitani izi. Jambulani malonda akewo pa foni tsiku ndi nthawi zikuoneka, ndipo sungani mauthenga a makasitomala amene anasokonezeka, chifukwa umboni woti anthu enieni anapusitsika ndi wamphamvu kuposa mawu anu. Sonkhanitsaninso malisiti, mapepala omata pa mabotolo ndi zithunzi zakale zosonyeza chaka chimene munayamba kugwiritsa ntchito dzinalo. Kenako pemphani PACRA ikufufuzireni ngati dzinalo lili ndi mwini m'buku la zizindikiro, n'kupereka pempho lanu. Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'magulu 45, ndipo mumalembetsa gulu ndi gulu, choncho muwauze bwinobwino zimene mumapanga. Pempholo limalengezedwa kuti wotsutsa atsutse satifiketi isanatuluke, ndiye si za tsiku limodzi. Mayi a loji aja nawonso amve apa: lamulo lakale linkalembetsa zizindikiro za katundu zokha, koma latsopano la 2023 linaphatikizamo zizindikiro za ntchito monga malo ogona ndi odyera.

Munthu winayo mulembereni kalata yaulemu koma yomveka, yonena chaka chimene munayamba, zimene mwaona, ndi tsiku limene mukufuna akhale atasintha dzina. Musamunyoze pa Facebook kapena kumutcha wakuba pagulu, chifukwa mungatembenuzire mlandu kwa inu nokha. Google ndi Facebook onse ali ndi mafomu odandaulira za chizindikiro, ndipo dandaulo limayenda bwino ngati muli ndi nambala ya satifiketi. Dziwani kuti Google imachotsa dzina lanu m'mawu ooneka a malonda a munthu amene mwamutchula, koma siimuletsa kugula dzinalo ngati mawu osakira. Akakana kusintha, pamenepo muonane ndi loya mutanyamula umboni wanu uja.

Ngati chiponde chanu chimaoloka pa Mwami kupita ku Mchinji ndi Lilongwe, satifiketi ya PACRA imathera pamalire. Ku Malawi muyenera kulembetsanso, ku ofesi yolembetsa zizindikiro ya kumeneko, ndipo ndi bwino kutero musanapeze wogulitsa wa kumeneko, kuti dzinalo likalembedwe kwa inu osati kwa iye.