Funsani Akonzi: Zithunzi zanga za ku Songo zatuluka zoyera mbuu

Akonzi, mu Okutobala ndinakwera chapa (minibasi) kuchoka kuno ku Ulongwe mpaka ku Songo kukaona chigwa cha Cahora Bassa paja Zambezi amadutsa pakati pa mapiri, ndajambula ndi foni cha m'ma 12 koloko koma zithunzi zonse zoyera mbuu, miyala yosaoneka bwino. Foni yanga ndi yachabe kapena?

Ayi achimwene, foni musainamizire, vuto ndi nthawi. Masana dzuwa likakhala paliwombo mithunzi imathawa, ndiye phompho lija limaoneka lafulati ngati bwalo la mpira, kuya kwake osadziwika n'komwe. Ndiyenso Okutobala ku Tete, kutentha kwake mukukudziwa, kuphatikiza utsi wa moto wa tchire umene umaphimba mapiri ngati chifunga.

Lawirirani m'mamawa, koma apa anthu ambiri amalakwitsa, dzuwa likangotuluka limawala pamwamba pa mapiri pokha pansi kumadzi kudakali bii, ndiye dikirani ola limodzi kapena awiri kuwala kutsike kufike pamiyala ya m'munsi, apo ndiye makwinya a thanthwe lililonse amaoneka, madzi nawo mtundu wake umabwera. Madzulo cha m'ma 4 koloko ndi bho, miyala imafiira. Dzuwa likhale cham'mbali, osati kumaso.

Ine ndimakonda Epulo ndi Meyi mvula itangosiya, mpweya woyera mitengo yobiriwira. Pafupi ndi damu la Cahora Bassa, lomwe linamalizidwa mu 1974, funsani kaye alonda musanatulutse foni, ndipo galasi la kamera lipukuteni, fumbi la mu chapa si masewera.