Chifukwa chiyani maluwa a gerbera akufota nthaka ili yonyowa?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo yodandaula kuti maluwa ake a gerbera, omwe anachita bwino chilimwe chonse, anayamba kufota mu Januwale ngakhale kuti mvula ikugwa mokwanira, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kuwonjezera feteleza.

Mayi, feteleza musawonjezere, chifukwa vuto lanu si njala koma madzi. Duwali kwawo ndi kudera la Barberton ku South Africa, kumene limamera m'malo otsetsereka ndi amiyala omwe madzi sakhalitsa, pamene ife kuno ku Blantyre timalibzala m'katondo, dothi lomwe limasunga madzi masiku angapo mvula ikagwa. Mizu ikakhala m'matope otere imasowa mpweya n'kuyamba kuola, ndipo mizu yoola singamwe madzi, n'chifukwa chake masamba amalefuka ngati kuli ng'amba.

Zulani chomera chimodzi chofota muone pakhosi pake, pomwe masamba amakumana ndi mizu. Mukapeza kuti pada, pafewa, ndipo masamba akuthothoka mukangowakoka pang'ono, ndiye kuti chagwidwa ndi matenda a m'nthaka, kawirikawiri a Phytophthora, ndipo sichingachirenso. Chitentheni, musachiponye m'dzenje la manyowa. Zomwe zikadali zolimba zikumbeni msanga, mukweze bedi ndi masentimita 15 kapena 20, musakanize dothilo ndi mchenga wa kumtsinje komanso manyowa owolerana bwino, kenako muzibzalenso motalikirana masentimita 30.

Pobzalapo ndi pomwe ambirife timalakwitsa. Tinazolowera kubandira chimanga, motero dzanja limangofuna kuunjikira dothi patsinde la chomera chilichonse, koma gerbera amafuna kuti khosi lake likhale pamwamba pang'ono pa nthaka, pomwe mphepo ndi dzuwa zingaliumitse. Khosili limatitimira lokha m'kupita kwa nthawi, choncho pakatha zaka 2 kapena 3 ndi bwino kukumba zomerazo, kuzigawa ndi kuzibzalanso, makamaka mu Ogasiti kuzizira kukamatha.

Mavuto ena adzabwera ndi nyengo zake. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, masamba amatha kuchita zoyera ngati awazidwa ufa, ndipo mankhwala oyamba ndi kuchotsa masamba odwalawo ndi kuthirira m'mawa, madzi akupita padothi osati pamasamba. Mu Okutobala kukatentha mumabwera akangaude ofiira, omwe aja amavutitsa alimi a tomato, ndipo amabisala kunsi kwa masamba, komwe muyenera kupoperako madzi pafupipafupi.

Za fetelezayo, mudzathire zomera zikadzaphukanso masamba atsopano, ndipo asakhale Urea, chifukwa amachulukitsa masamba maluwa n'kuchepa. Manyowa pang'ono ozungulira chomera, osakhudza khosi, ndi okwanira pabedi la pakhomo.