Koleji yasainira mgwirizano, nanga fizi ikukwereranji?

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Mwana wanga ali m'chaka chachiwiri ku koleji. Talandira kalata yoti fizi ikwera chaka chamawa. Mwezi womwewo akuluakulu a kolejiyo anatuluka m'nyuzi akugwirana chanza ndi a makampani komanso a sukulu za m'mayiko oyandikana nafe, ati asainira mgwirizano wa zachuma. Ndalama za mgwirizanowo zikulowa kuti? Sakungotidyera anthu amenewa?"

Amayi, osolola alipo m'makoleji monga kwina kulikonse, koma fizi imatha kukwera popanda wakuba ndi mmodzi yemwe. Nkhani yagona pa mtundu wa ndalama.

Koleji ya boma imapeza ndalama kuchokera ku boma, ku fizi, ndi kwa ena monga makampani ndi mabungwe othandiza. Gawo lalikulu la zimene imawononga ndi malipiro a aphunzitsi ndi antchito ena, kenako magetsi, madzi, intaneti, mabuku ndi kukonza nyumba. Tsono ndalama za mgwirizano zimabwera zitamangidwa kale. Kampani ikati yapereka ndalama zomangira labotale, pangano limalemba kuti n'za labotale basi, ndipo owerengera ndalama amadzafuna malisiti a simenti ndi makina. Mkulu wa zachuma akangotapako n'kulipira aphunzitsi, walakwa, ndipo wopereka atha kuitanitsa ndalama zake.

Pali chinanso chimene a pa chithunzi aja sanena. Labotale ikatha kumangidwa imafuna magetsi usana ndi usiku, munthu woyang'anira makina, mankhwala oyesera zinthu amene amatha teremu iliyonse. Pulojekiti ikatha patapita zaka zitatu kapena zisanu, wopereka uja amatsanzika, koma bilu imatsala. Zili ngati kupatsidwa galimoto yaulere wopanda ndalama ya mafuta. Ndiye musadabwe kuti nthawi zina mgwirizano womwewo ndi umene umadzakweza fizi.

Pa njira zitatu zopezera ndalama zija, khonsolo ya koleji, bungwe loyang'anira kolejiyo, ili ndi mphamvu pa imodzi yokha, fizi. Singalamule boma kuti lionjezere, singalamule kampani. Imatembenukira kwa inu.

Taonani zimene zinachitika ku Johannesburg mu October 2015. Yunivesite ya Wits inalengeza kuti fizi ikwera ndi 10.5 peresenti. Zifukwa zake zinali zomveka ndithu: ndalama ya rand inali itagwa, pamene mabuku, magazini a kafukufuku ndi zipangizo amagula ndi madola, malipiro anayenera kukwera, ndipo thandizo la boma silinkakwera mofanana ndi mitengo. Ophunzira anatseka zipata, zionetsero za #FeesMustFall, zofuna kuti fizi itsike, zinafalikira dziko lonse la South Africa, mpaka pa 23 October Pulezidenti Jacob Zuma analengeza kuti fizi sikwera mu 2016. Ana aja anaona msanga kuti mwini nkhani si mkulu wa sukulu yekha, n'chifukwa chake anakathera ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town ndi ku Union Buildings, maofesi a pulezidenti, ku Pretoria. Mu December 2017 Zuma analengezanso maphunziro aulere kwa ana a mabanja opeza zosaposa R350,000 pachaka.

Ku England zinayenda mosabisa n'komwe. Mu 2012 boma linadula kwambiri ndalama zophunzitsira, n'kulola mayunivesite kulipiritsa mpaka £9,000 pachaka, pafupifupi katatu kuyerekeza ndi kale. Mtolo unangochoka pa msonkho n'kugwera wophunzira kudzera m'ngongole.

Tsopano za mgwirizano wa mayiko, poti mwatchula sukulu za oyandikana nawo. Mapangano amenewa kawirikawiri sanena kuti fizi ikhale zingati. Amanena za amene alipire ngati mwana wa m'dzikomo ndi amene alipire ngati mlendo. Pangano la SADC la zamaphunziro, la mu 1997, limati mayunivesite asungire ophunzira a m'mayiko ena a m'bungweli malo osachepera 5 peresenti, ndiponso kuti pa fizi ndi malo ogona aziwatenga ngati eni dziko. Ku South Africa mayunivesite ambiri amatsatadi zimenezi pa fizi, ngakhale amaonjezera kandalama ka alendo pambali, ndipo viza ndi inshulansi ya kuchipatala n'zanu. Ku European Union lamulo lake ndi lolimba kuposa apa: dziko silingalipiritse mwana wa dziko lina la m'bungweli kuposa mwana wake. Britain itatuluka m'bungweli, ophunzira atsopano a ku EU anayamba kulipira ngati alendo mu 2021, ndipo chiwerengero chawo chinatsika pafupifupi ndi theka.

Kunena zoona mapangano otere ndi abwino, ndipo ine ndimawayamikira. Koma amapindulira mwana amene akuwoloka malire. Wanu amene akuphunzira kwawo saona kusintha pa kalata ya fizi. Penanso koleji imataya ndalama imene ikanalipiritsa mlendo, n'kuyamba kuyang'ana poibwezera.

Sindikuwasambitsa akuluakuluwo. Ena amakonda mwambo wosainira chifukwa umaoneka bwino m'nyuzi, ndipo mapepala ambiri otchedwa MoU alibe ndalama m'kati, ndi lonjezo chabe loti tidzagwirira ntchito limodzi. Ena amadandaula za kusowa ndalama uku akugula galimoto zatsopano za mabwana ndi kuchulukitsa maofesi. Pamenepa ndiye poyenera kukwiya, ndipo manambala ake amapezeka.

Choncho inu ndi makolo anzanu lemberani kalata mlembi wamkulu wa kolejiyo. Pemphani lipoti la zachuma la chaka chatha limene owerengera ndalama anasainira, muone kuti thandizo la boma lakwera bwanji poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, ndiponso kuti maofesi a oyendetsa sukulu akudya gawo lanji. Funsani ngati mgwirizano uja uli ndi ndalama, zingati, za ntchito yanji, ndi amene adzalipire zoyendetsera ukadzatha. Funso limene ine ndingaumirire kwambiri ndi lakuti pa ndalama zoonjezerazo, zingati zapatulidwira ana osowa, chifukwa fizi ikakwera thandizo osakwera, amene amasiyira panjira ndi iwowo. M'makoleji ambiri a boma mtsogoleri wa bungwe la ophunzira amakhala nawo m'khonsolo, ndiye mwana wanu amufunse kuti tsiku lovomereza fizi yatsopanoyo ananena chiyani, ndipo anavota bwanji.

Musaiwale kufunsa ngati mtengo watsopanowo ukukhudza ophunzira onse kapena ongoyamba kumene. Makoleji ena amasiya amene analowa kale pa mtengo wakale mpaka amalize, ndipo mwana wa chaka chachiwiri ali ndi chifukwa chomveka choti apemphe zimenezo.