Ndinauza munthu mmodzi, nkhani ndinaimva kwa anthu asanu

Achemwali, ndaona zimene mwatiuza m'gulu lino, kuti mwapita padera ndipo mukufunsa ngati kuuzako anthu kumathandiza. Pepani kwambiri ndi mwana wanuyo. Zoti kodi kukamba kumathandiza, kumathandiza ndithu, koma ine kunayamba kandipweteka kaye. Ndikulemba izi manja akunjenjemera chifukwa nanenso ndinapita padera mimba ili ndi miyezi isanu.

Ndinakhala milungu itatu osauza munthu mmene zinachitikira. Kenako ndinamasukira alamu anga, mlongo wa amuna anga, amene ndinkawatenga ngati mkulu wanga. Ndinawauza zonse. Magazi pa chitenje, kuti ndinali ndekha m'bafa, kuti ndinaona timanja take, komanso mawu amene sindinauzepo ngakhale amuna anga, akuti mimba itangoyamba ndinkadandaula kuti yabwera nthawi yolakwika. Analira nane, anandipukuta misozi ndi dzanja lawo.

Patatha mwezi tinakumana pachibale. Ndikubwera ndi beseni la mbale kuseri kwa nyumba, ndinamva mayi wina akuti, "Mwini wake ananena yekha kuti sankaifuna." Wina nkuyankha kuti, "Ndiye tidziwa bwanji kuti inachoka yokha?" Anali asanu, alamu anga ali pomwepo, akungoyang'ana pansi. Beseni ndinaliika pansi pang'onopang'ono kuti mbale zisalire, ngati wolakwa ndine. Mawu anga omwe, achemwali, anangowatembenuza pang'ono basi. Munthu wotani amatenga misozi ya mnzake nkukacheza nayo? Mpaka lero ndikamva mawu awo pa foni m'mimba mumatentha.

Ndinatseka pakamwa chaka chathunthu. Tulo kunalibe, mutu tsiku ndi tsiku, ndikaona mayi woyembekezera ndinkadutsa njira ina. Chinandimasula ndi kope la mwana wanga wamkulu limene linatsala masamba. Usiku wina ndinangoyamba kumulembera kalata mwana uja. Tsamba loyamba ndinangotukwana alamuwo, sindibisa. Lachitatu ndinamupatsa dzina. Pamenepo ndi pamene ndinasiya kudziona ngati "uja anapita padera" nkuyamba kudzitcha mayi wa ana awiri, wina ali moyo wina anagona.

Pambuyo pake ndinamva za katswiri wa zamaganizo wa ku America, James Pennebaker. Mu kafukufuku wake wa 1986 anauza ophunzira a pa yunivesite kuti azilemba za chinthu chowawa chimene chinawachitikira, mphindi 15 pa tsiku kwa masiku 4 otsatizana. Akangomaliza kulemba ankamva chisoni kwambiri kuposa poyamba, koma m'miyezi yotsatira amene analemba zochitikazo pamodzi ndi mmene ankamvera mumtima sankapitapita kuchipatala ngati anzawo. Zomwezo ndinaziona ine. Masiku oyamba ndinkatseka kope maso atatupa, nkumati izi zikungotosa chilonda. Tulo tinabwera mochedwa, koma tinabwera. Makalata aja ena anasanduka ndakatulo, ine amene kusukulu chimangirizo ndinkachithawa.

Ndiye langizo langa, musakhale nazo mumtima, zimadya munthu. Koma musathamangire kuuza achibale, makamaka akuchimuna. Yambani ndi pepala, silikhala ndi anzake ocheza nawo. Mukafuna munthu, muuzeni kachidutswa kakang'ono kaye, mudikire milungu iwiri muone ngati kabwerere kwa inu kudzera pakamwa pa wina. Ndipo ngati mukulephera kudya, kugona, kapena mukuganiza zodzivulaza, kope lokha silikwana, pitani kuchipatala mukafunse wopereka uphungu. Ndikudziwa, ndikuti musauze anthu pamene ine ndangouza gulu lonse lino. Kusiyana kwake nkwakuti lero ndanena ndekha, ndi mawu anga, ndipo dzina la mwana wanga ndalisunga.

Alamu aja sanapepese. Tikakumana amangoti, "Koma ndiye mwanenepatu mlamu," ine nkuvomera kuti eya.