Ndikanene chiyani pa chiliza cha bambo anga, mlimi wa kumudzi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Johannesburg. Bambo awo anamwalira chaka chatha kumudzi ku Dedza, ndipo mu Ogasiti banja likukamanga chiliza. Abale asankha iwowo kuti akawerenge mbiri ya malemu. Akuti bambowo anali munthu wosakhazikika pakhomo: akaweruka kumunda ali kudimba, akachoka kudimba ali kumtsinje kukaonjola mono, chilimwe ali kutchire ndi agalu awo. Sukulu sanapite nayo patali, ntchito ya mu ofesi sanaigwirepo. Ndiye akufunsa kuti akanene chiyani za munthu amene analibe udindo kapena satifiketi, komanso kuti ana awo, amene anabadwira ku Joni komweko, adzawadziwa bwanji agogo awo.

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Chaka chatha ndi dzulodzuloli kwa munthu amene wataya kholo.

Mbiri imene tinazolowera kumva pamaliro mukuidziwa: anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa mumpingo wakuti, anakwatira, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo, anadwala nthawi yochepa. Zimenezi muzilembe ndithu, akumpingo ndi akuluakulu amaziyembekezera. Koma mbiri yotere inapangidwira anthu amene moyo wawo unalembedwa m'mafaelo. Mphunzitsi amatchulidwa masukulu onse amene anaphunzitsako, msilikali amatchulidwa maudindo ake. Mlimi amangonenedwa kuti "anali wolimbikira ntchito", basi wowerenga n'kukhala pansi. Mawu amenewo amandipweteka, chifukwa amakwirira zaka makumi asanu za thukuta m'mawu atatu, ndipo mwana amene sanawaonepo agogowo satolapo kanthu.

Ine ndikuti mbiri ya bambo anu muitsate ndi nyengo, chifukwa ndimo mmene iwo ankawerengera moyo. Yambirani pa kusosa ndi kugalauza, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Kodi chizimalupsa chikagwa, mizere yawo inkakhala itatha kale? Ankabzala ndi mvula yoyamba kapena ankadikira kuti nthaka ikhute? Pitani pa kupalira ndi kubandira, pa Febuluwale nkhokwe zikapepuka, pa kukolola, kenako kudimba m'nyengo yozizira ija ya Juni ndi Julayi imene ku Dedza imaluma zala, munthu atanyamula khenu kuthirira mpiru, tomato ndi kachewere. Ndiyeno chilimwe, tchire likapsa, nthawi ya mbewa ndi uzimba. Mukafunsa mwezi ndi mwezi chonchi, mudzapeza kuti nkhani zachuluka kuposa pepala.

Nkhanizo simungazipeze muli pa foni ndi abale a m'tauni. Mufike kumudzi masiku angapo mwambo usanachitike, mukhale pansi ndi amayi ngati alipo, alamu awo a bambo, anzawo amene ankapita nawo ku uzimba, ngakhalenso anthu amene ankagwira ganyu m'munda mwawo. Aganyu ndi amene amadziwa bwino mtima wa mwini munda, ngati ankadula ndime yachilungamo, ngati ankalipira dzuwa lisanalowe. Musafunse kuti "bambo anali munthu wotani", adzangokuyankhani kuti anali abwino. Funsani kuti chaka cha njala cha 2002 banja linapulumuka bwanji, ndani anabwera kudzapempha ndipo anabwerera ndi chiyani. Funsani maina a agalu awo. Funsani dziwe limene ankatchera mono, ndi nsomba zimene zinkalowa, kaya matemba kaya milamba. Ngati ankapachika ming'oma ya njuchi, akusonyezeni mitengo yake. Funsaninso ngati anapitako ku Thenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Amuna ambiri a m'chigawo chapakati anakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni mpaka 1974, pamene boma linaletsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha anthu athu, ndipo ena anapitanso pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Thenela, mpaka 1988. Ngati bambo anu anali m'gulu limenelo, ana anu ayenera kudziwa kuti agogo awo anaponda kale dziko limene iwo akukuliramo.

Jambulani mawu a okalambawo pa foni, mutawapempha kaye. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma eni mawuwo akutha chaka ndi chaka.

Za anawo, ndikupemphani chinthu chimodzi: musawasiye pakhonde ndi mafoni ndi matabuleti pamene inu muli kalikiliki ndi miphika. Pemphani amalume awo kapena mnzawo wa malemu awatenge m'mawa, mame asanaume, ayende njira imene agogo awo ankayenda kuchokera pakhomo mpaka kudimba. Awauze maina a mitengo, uwu ndi msuku, uwu mpoza, uwo mbawa, uwo mlombwa. Awasonyeze una wa mbewa ndi mapazi a nkhwali. Ndipo ngati pali khasu loguluka, aone mmene amalikonzera. Ine ndinkaonerera agogo anga akuchita zimenezi: ankaika msuka wa khasu pamakala mpaka kufiira, n'kuulowetsa pamutu pa mpini, utsi woyera uli tolotolo, fungo la mtengo wopsa lili guu. Ankauzula, kuwotchanso, kulowetsanso, mpaka khasu litakhala mopendekera mmene msana wawo unkafunira, kenako n'kumenyetsa mpiniwo pamwala kuti ligwire. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sangadzanene kuti agogo ake anali osaphunzira.

Kumanda kokha anawo asamangoyendayenda okha. Kwathu kuno manda ali ndi eni ake, amfumu ndi adzukulu okumba manda, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa nkhalango ya kumanda ndi komwenso kuli dambwe. Chilichonse chimene mukufuna kuchita kumeneko, ngakhale kubzala mtengo, chiyambe chadzera kwa amfumu.

Mtengo wachikumbutso ndikadakonda muubzale kumunda kwawo. Ogasiti ndi wouma, mbande singagwire, koma ndi nthawi yabwino yokonza nazale kuti mudzawokere m'nyengo yobzala mitengo, imene m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Kwa mlimi ngati bambo anu palibe mtengo woposa msangu. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, choncho chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa ndi manyowa, ndipo chilimwe umapereka mthunzi ndi nyemba zake zimene mbuzi ndi ng'ombe zimadya. Njere zake n'zolimba khungu, muzidule pang'ono m'mbali musanafese m'machubu. Koma apa pali nkhani ya malo. Ngati bambo anali pa chikamwini, munda umene ankalima ndi wa kuchikazi, pamene manda awo mwina ali kwawo kumene anabadwira. Kambiranani ndi mbali zonse ziwiri poyera, kuti chikumbutso chisadzasanduke mlandu wa kwa amfumu.

Ndinenenso za ndalama, poti inu a kunja ndi amene abale amakuyang'anirani. Chiliza cha matailosi kapena mwala wonyezimira n'chokongola, ndipo amene angakwanitse achite. Koma ndaona mabanja akugulitsa dimba kapena ng'ombe za malemu kuti chiliza chiposeko cha anzawo. Munthu amene anathera moyo wake akusamala dimba limenelo simungamulemekeze poligulitsa. Mangani cha simenti chaukhondo, dzina lilembedwe bwino, ndalama yotsalayo igule mbewu ndi feteleza kuti amayi alime chaka chino, kapena ilipirire fizi mdzukulu wa kumudzi.

Patsikulo musatalikitse. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zikwana, anthu amakhala padzuwa. Yambani ndi zaka ndi maina monga mwa mwambo, kenako sankhani nkhani zitatu zokha mwa zimene mwatola, zimene anthu a m'mudzimo adzagwedezera mitu chifukwa anaziona. Ngati bambo anali aukali nthawi yopalira, mwana wogonereza n'kumudzutsa ndi mawu okuluwika, nenani ndithu, onse akudziwa ndipo adzaseka ndi misozi. Zotsalazo muzilembe m'kope m'Chichewa, mujambulitse makope angapo, banja lililonse litengeko limodzi. Khasu lawo, nkhwangwa ndi mono zisagawidwe mwachisawawa pamodzi ndi zovala. Pemphani akubanja kuti zipite kwa mdzukulu amene akulimadi.