Black Alps yanu musaipake girizi kaye, yambani mwaitsuka

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amawerenga zomwe ndimalemba kuno, ndipo ndaona kuti ndiyankhe poyera chifukwa ambiri amene angotola kiyibodi yakale amafika pomwepa. Mwachidule akuti apeza kiyibodi ya Dell AT101W, ija yaikulu ya m'ma 1990, mkati muli ma switch, tizipangizo tokhala pansi pa batani lililonse, a mtundu wa black Alps. Mabatani onse akugwira koma akamataipa ikumveka ngati muli mchenga, batani akalidina cha m'mbali likukakamira, space bar nayo ikuchita phokoso la zitsulo. Aonera mavidiyo pa YouTube anthu akupaka girizi wa Krytox 205g0 m'ma switch ndiye akufunsa kuti agule kabotolo kamodzi apake ma switch onse? Akutinso ali ndi kiyibodi ya Cherry G80 yakale m'kabati, kodi nayo achite chimodzimodzi?

Achimwene, pa Dell ija ayi, chonde musatero. Pa Cherry ija eya, koma tifika.

Mavidiyo ambiri amene mukuonerawo ndi a ma switch a mtundu wa Cherry MX, ndipo Alps ndi chinthu china kotheratu mkati mwake. Kampani ya Alps Electric ya ku Japan inayamba kupanga ma switch amenewa, a SKCL ndi SKCM, cha mu 1983, ndipo mukatsegula imodzi mupeza tizidutswa tambiri kuposa mu MX. Muli slider, kapulasitiki kamene kamatsika mukadina, muli sipuling'i, muli switchplate imene imalumikiza magetsi, ndiye mbali inayo muli kachitsulo kopyapyala kotchedwa leaf kamene kamakupatsani kabampu kaja pa chala kapena kulira kuti "thi" ngati ndi ya click. Vuto lake ndi loti slider ya Alps imakhudza makoma a kabokosi kake malo aakulu komanso pamwamba pali mpata woti fumbi lilowe, ndiye zaka 30 fumbi likulowa munthu nkumadinabe tsiku ndi tsiku, fumbilo limakanda pulasitiki. Kukhakhala mukukumvako ndi zinthu ziwiri zosakanikirana, fumbi limene likadali mkatimo ndi mikwingwirima imene fumbilo linasiya kale. Loyambalo limachoka, yachiwiriyo ndiye siichoka, mungoichepetsa basi. Tsono mukathira girizi wolimba ngati 205g0 musanatsuke, fumbi lija limasakanikirana ndi giriziyo nkukhala phala lokanda, switch imalemera, kabampu kamafa, ndipo pakapita miyezi girizi yemweyo amakoka fumbi lina latsopano. Ndaonapo ma Alps ochita kumvetsa chisoni chifukwa cha zimenezi, kuwatsuka kachiwiri kumavuta kuposa poyamba.

Ndiye yambani ndi kutsuka. Ubwino wa Alps ndi woti simufunika kusungunula solder, mtovu uja umamatiza switch pa bolodi ya magetsi, kuti mutsegule, imatseguka chapamwamba ili pa bolodi pomwepo. Chotsani kaye mabatani ndi kochotsera ka waya kaja ndipo kokani molunjika mmwamba, osapotokola, chifukwa kamwendo ka batani la Alps kakathyokera mkati mwa slider mudzavutika kukatulutsa. Mabatani aakulu ngati Shift, Enter ndi space bar ali ndi waya pansi wokoleka pa timapulasitiki tating'ono, timeneto takalamba ndipo timathyoka msanga, pitani nato pang'onopang'ono. Mukatero muona kuti switch iliyonse ili ndi timapiko tiwiri mbali ndi mbali, mumalowetsa zotokosera m'mano kapena kotsegulira ka Alps kaja anthu amapanga pa 3D printer, nkukweza chivindikiro. Chimatuluka ndi slider, sipuling'i ndi leaf, pomwe switchplate imatsala pa bolodi. Jambulani chithunzi pa foni switch yoyamba musanamwaze zinthu, chifukwa slider ili ndi mbali yake yoyang'ana ku switchplate ndipo mukaitembenuza muona zachilendo pobwezeretsa.

Ma slider ndi zivindikiro, zapulasitiki zokhazokha, ziviikeni m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, ena amaponyamo timapilisi totsukira mano oikirira tija ndipo timagwiradi ntchito. Ngati muli ndi ultrasonic cleaner, kamakina kotsuka zinthu ponjenjemeretsa madzi, ndiye bwino kwambiri chifukwa imafika m'tingodya momwe burashi singafike, koma ngati mulibe musadandaule, mswachi wakale ndi kuleza mtima zikwana. Tsukuluzani bwinobwino kenako ziyanikeni mpaka ziume gwa, tsiku lathunthu kapena awiri, osathamanga apa chifukwa kadontho kamodzi kotsalira m'kangodya ndi kokwana kuchititsa dzimbiri sipuling'i. Ma leaf ndi masipuling'i musaviike m'madzi, ingopukutani ndi isopropyl alcohol, sipiliti wotsukira zamagetsi, ngati ada. Theka lapansi lotsala pa bolodi lija lipemerereni mpweya nkupukuta ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl yemweyo. Acetone, ija yochotsera penti wa m'zikhadabo, isayandikire nkomwe chifukwa imasungunula pulasitiki ya ABS, ndipo WD-40 nayo ayi, si ya ntchito imeneyi.

Apa ndiye pamene ndimawauza anthu kuti imani kaye. Bwezeretsani ma switch atatu kapena anayi opanda kupaka kalikonse muyese. Dinani pakati, kenako dinani pakona penipeni pa batani pang'onopang'ono. Nthawi zambiri mupeza kuti gawo lalikulu la vuto lapita ndi madzi aja. Ngati pakona ikutsika osakakamira, ine ndingakuuzeni kuti tsekani zonse muzigwiritsa ntchito choncho.

Ikakhala kuti ikukakamirabe ndiye tikambe zopaka, koma zopyapyala. Njira imene yatchuka pakati pa okonda Alps ndi ija amati wax mod, mumawiritsa madzi, kuponyamo kachidutswa kakang'ono ka phula la kandulo, la paraffin loyera lopanda fungo kapena mtundu, likasungunuka nkuikamo ma slider kwa mphindi zochepa mukutakasa, kenako kuwatsanulira pa sefa nkuwayanika. Chimachitika ndi choti phula lochepa kwambiri limamatirira pa pulasitiki nkudzaza timikwingwirima tija, ndipo poti ndi louma silikoka fumbi ngati girizi. Ine njira imeneyi ndimaikonda pa ma switch otopa ngati anuwa. Chenjezo langa ndi loti phula likachuluka slider imatuluka ndi zoyera zoundana m'mbali ndipo imalemera, ndiye yambani ndi lochepa zedi, likachepa mubwereza, komanso ine ndimawiritsa ma slider okha, zivindikiro ndimaopa kuti zingapindike ndi kutentha. Njira ina ndi mafuta ouma a PTFE, aja amapakidwa ali amadzi nkuuma kusiya kaufa koterera. Ena amapaka magirizi ena monga Tribosys 3203 kapena Nyogel 760G ndi kaburashi kakang'ono m'mbali mwa slider mokha momwe imakhudza njanji zake, pang'ono poti ukayang'ana uzingoona kunyezimira osati girizi. Zonsezi zimatheka. Chimene sichitheka ndi kupaka pa switchplate, pamenepo pazikhala pouma nthawi zonse apo ayi batani liyamba kudumpha zilembo kapena kulemba kawirikawiri.

Ndikuuzeninso chilungamo pa black Alps, kuti musadzakhumudwe. Mwa ma Alps onse a kabampu, akudawa ali m'gulu la amene anabwera kumapeto pamene kampani inali itayamba kuchepetsa mtengo wopangira, ndipo ngakhale ali atsopano kabampu kake kanali kokhakhala poyerekeza ndi ma Alps a slider ya orange kapena salmon amene ali mu Apple Extended Keyboard ya 1987. Cha mu 1993 anachotsanso timing'alu tina pa chivindikiro timene tinkafewetsa kugunda slider ikamabwerera mmwamba, okonda zinthuzi amati zakalezo pine, zatsopanozo bamboo, ndipo AT101W zambiri ndi bamboo. Ndiye ngakhale mutatsuka bwanji siidzamveka ngati blue Alps, mtundu wina wa Alps umene anthu amautama. Koma ili ndi njira zake ziwiri zoikometsera zomwe ine ndimaziona kuti ndi zabwino kuposa mmene inabwerera. Yoyamba, chotsani leaf ija osaibwezeretsa, switch imasanduka linear, yotsika myaa popanda bampu, ndipo black Alps yochotsa leaf ndi yokoma modabwitsa, mawu ake ndi okhuthala bwino. Ma leaf muwasunge m'kabotolo, tsiku lina mukadzafuna mudzabwezeretsa. Yachiwiri ndi click mod, mumadula kapena kuwongola timakutu tam'mwamba timene timagwira leaf kuti isasunthe, ikamasuka imakokedwa ndi slider nkubwerera kumenya khoma kuti "thi", basi yasanduka ya click. Iyi ndiye mukadula mwadula, yesani kaye pa batani losagwiritsa ntchito ngati Scroll Lock kapena Pause mumve ngati mukuikonda.

Pali kavuto kenanso kamene kamabwera mukatsegula ma Alps a kabampu, ena amayamba kulira "tik" pobwerera mmwamba chifukwa leaf siikukhalanso mothina m'malo mwake. Mankhwala ake ndi kapepala kakang'ono, kudula nkukalowetsa kuseri kwa leaf kuti ithine, amati paper mod. Zooneka zachibwana koma zimathandiza.

Kumbali ya phokoso, zambiri zimene zikukusowetsani mtendere sizikuchokera mu switch. Space bar ija ndi waya wa pansi ukugunda m'timapulasitiki take, apa ndiye girizi wolimba ali ndi ntchito, pakani dielectric grease, girizi wa zamagetsi, kapena 205g0 yemweyo pomwe waya akukhudza pulasitiki ndipo kulira kwa zitsulo kutha pompo. Kulira kwa "ting'" kotsalira mukasiya batani ndi masipuling'i, aikeni onse m'kapepala ka pulasitiki, madontho ochepa a mafuta a Krytox GPL 105, tsekani nkukhutchumula mpaka onse anyowe pang'ono. Chikesi cha Dell chija ndi chachikulu ndipo mkati muli mphako, ndiye kuyala kasiponji kopyapyala pansi pa bolodi kumachepetsa kuwomba, bola kasakhale konenepa mpaka kukankha bolodi potseka. Ngakhale kungoyala kamphasa ka pa desiki pansi pa kiyibodi kumasintha mawu kwambiri, yesani zimenezo kaye musanagule china chilichonse. Mukatsegula muyang'anenso chitsulo chimene ma switch akhalapo, chikakhala ndi dzimbiri lochepa palani nkupaka kapenti, likakhala lambiri ndiye ntchito ya solder imeneyo, nkhani ya tsiku lina.

Koma ine pempho langa ndi loti musaitsekereze ndi masiponji mpaka izimveka ngati makiyibodi atsopanowa. Alps imakoma chifukwa cha mawu ake omwewo, aphokoso pang'ono, otakasuka. Chotsani zolira zosafunika, kulira kwa waya ndi kwa sipuling'i, zinazo zisiyeni.

Tsopano Cherry ija. Choyamba onani kumbuyo pa lebulo kuti ndi G80 zoona osati G81, chifukwa G81 ili ndi ma switch a MY amene ndi ena ndipo zonse ndikunenazi sizikuwakhudza. Ikakhala G80 ya MX Black yakale, ngati G80-1000 ya kumapeto kwa ma 1980 kapena koyambirira kwa ma 1990, ndiye muli ndi chinthu chabwino, awa ndi amene anthu amawatcha vintage black ndipo amawasakasaka chifukwa ambiri mwa iwo ndi osalala kuposa amene anatsatira, makamaka amene anagwiritsidwa ntchito kwambiri mpaka pulasitiki inasalala yokha. Si onse ayi, ena ndi okhakhala ndithu, chala chanu ndicho chikuuzeni. Ma G80 ambiri alibe chitsulo chogwira ma switch, amakhala pa bolodi mwachindunji, ndiye chivindikiro chimatseguka popanda solder. Apa zija munaonera pa YouTube zikugwira, tsukani kaye chimodzimodzi, kenako 205g0 wochepa m'mbali mwa stem, imene ndi slider ya MX, ndi m'njanji, 105 pa sipuling'i. Zivindikiro zakalezi zikatsegulidwa zimakonda kugwedera, ndiye timafilimu topyapyala tija ta 0.125 kapena 0.15 mm toika pakati pa chivindikiro ndi theka lapansi timathandiza kuti mawu akhale olimba osati ophwephwera. Sipuling'i ya MX Black ndi yolemerako, ngati zala zikutopa mutha kuikamo za 62g kapena 67g, zakalezo nkusunga. Mukapeza kuti mkati ndi MX Blue osati Black, musapake stem nkomwe, kajaketi koyera ka pa stem kamene kamachititsa kulira kakangomata click yatha. Ndipo chonde musaiphwasule kiyibodi yamoyo kuti muchotse ma switch mukaike mu ina yatsopano, ma G80 akalewa akutha chifukwa cha khalidwe limeneli.

Poti ndikudziwa kuti wina afunsa za IBM Model M, kiyibodi ina yakale yotchuka, imeneyo siifuna mafuta aliwonse. Ikayamba kumveka mofooka kapena mabatani ena kusiya kugwira, nthawi zambiri ndi timisomali tapulasitiki takumbuyo kwa chitsulo tathothoka, ndipo mankhwala ake ndi kuboola nkumanga timabawuti, bolt mod ija. Kulira kwa sipuling'i kukakukwanani ena amalowetsa kaulusi kotsukira m'mano, kofutukuka kaja, mkati mwa sipuling'i iliyonse.

Achimwene, Dell ija ili ndi mabatani 104, ndiye musayese kumaliza usiku umodzi, kubwezeretsa sipuling'i ya Alps kumafuna dzanja lodekha chifukwa ikapendama pang'ono potseka imapindika. Chimene chimathandiza ndi kuika slider ndi leaf m'chivindikiro, sipuling'i m'bowo la slider, nkupendeketsa bolodi chammbali potseka kuti isagwe. Yambani ndi mzere wa F1 mpaka F12, wina mungotsuka, wina phula, wina muchotse leaf, mutaipe nawo masiku angapo kenako musankhe yochita pa onse. Mukamaliza muziiphimba ndi kansalu mukachoka pa desiki, ndipo mundilembere mundiuze kuti mwasankha iti.