Funsani Amakaniko: Kangolo kamagetsi kakufooka nthawi ya chiperoni

FUNSO: Amakaniko, ine ndimagwira ntchito pa loji ina kuno ku Thyolo mkati mwa minda ya tiyi, ndimanyamula alendo ndi zikwama zawo pa kagalimoto kamagetsi kaja ka anthu a gofu, ife timangoti kangolo. Kali ndi mabatire 6 pansi pa mpando, lililonse la 8 volts, ndipo atha zaka zinayi. Nthawi yotentha kamayenda bwinobwino mpaka madzulo koma chiyambireni chiperoni mu June muno ikamati 11 koloko kayamba kale kukwawa, pa chitunda chopita ku zipinda za kumtunda alendo amachita kutsika kuti kakwere. Abwana akuti ine ndi amene ndikuiwala kutchaja pomwe ndimatchaja daily. Mnzanga mlonda wati usiku tiziika mbaula mu galaja kuti mabatire asazizidwe. Kodi ndi kuzizira kapena mabatire atha? Dalaivala wodandaula, Thyolo.

YANKHO: Achimwene, poyamba penipeni, za mbaulazo ayi. Chonde muuzeni mlondayo lero lomwe. Mabatire a asidi akamatchajidwa, makamaka akatsala pang'ono kudzadza, amatulutsa mpweya wa haidrojeni, suoneka komanso sununkha koma ukakumana ndi khala la moto kapena ndudu mchipinda chotseka umaphulika, batire kung'ambika asidi kuthovokera mmaso. Galajayo izikhala ndi polowa mphepo nthawi zonse, moto usayandikire.

Nde tibwere ku funso lanu. Zoona kuzizira kumafooketsa batire, simukulota ayi. Mkati mwa batire muli mapuleti a mtovu omizidwa mmadzi a asidi, magetsi amabwera asidiyo akamagwirana ndi mtovu uja, ndipo kukazizira zonsezi zimachitika mwaulesi, asidi sayenda msanga kulowa mtimabowo ta mapuleti. Manambala amene amalembedwa pa batire aja amawayeza pa madigiri 25 kapena 27. Kutsika kuchoka pamenepo mphamvu imachepa pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa digiri iliyonse, nde mmawa wa July ku Thyolo kukakhala cha mma 10 kapena 12, mwataya mwina 10 kapena 15 pa 100. Mphamvu imeneyi sikuti yapita, kukafunda imabwereranso.

Koma taonani apa, inu mukunena kuti kangolo kamene kamatha tsiku lonse pano kakugona 11 koloko. Kumeneko ndi kutaya theka kapena kuposa, ndipo chisanu cha ku Thyolo pachokha sichingachite zimenezo. Ine mmene ndikuonera mabatire anuwo anali atatopa kale, chiperoni changowaulula. Anthu ambiri sadziwa kuti chimene chimadya batire ndi kutentha, kwa October ndi November kuja, madzi amauma msanga, mapuleti amadyeka, koma poti kukatentha batire limaoneka la nyonga palibe amazindikira. Kukangozizira basi, bala lija laonekera, mlandu nkugwera June.

Ndipo zaka zinayi pa mabatire oterewa, oyenda tsiku ndi tsiku mmitunda ya tiyi atanyamula anthu ndi masutikesi, ndi ukalamba ndithu. Osamalidwa bwino amafika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ambiri safikako.

Musanagule kalikonse yezani. Bwerekani mita yoyezera ma volts kwa amagetsi, tchajani usiku wonse, muchotse tchaja, kangolo kapume maola angapo osakayendetsa kenako muyeze. Onse pamodzi akadzadza amapereka cha mma 50.9 volts, akafika 48.4 ndiye kuti atsala theka. Kenako yezani limodzi limodzi, lililonse lizikhala pafupi ndi 8.5. Apa ndi pamene ndikufuna muonetsetse, chifukwa mabatirewa analumikizidwa mondondozana ngati unyolo, magetsi amadutsa mwa onse, nde paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mukhoza kupeza asanu akuonetsa 8.4 koma limodzi 7.8, limenelo ndi lomwe likugwetsa kangolo pa chitunda. Mukakwera chitunda chija muyezenso pompo, lofooka limatsika kwambiri kuposa anzake ndipo nthawi zina limatentha mukaligwira. Ngati mungapeze kachubu koyezera asidi kaja, haidromita, nkabwino koposa, selo (kachipinda ka asidi kamene kali pansi pa chitsekero chilichonse cha batire) yodzadza imaonetsa cha mma 1.270, ina ikamatsalira kutali ndi zinzake yafa imeneyo. Manambalawa muwalembe papepala muwaonetse abwana, nkhani yoti mukuiwala kutchaja ithera pomwepo.

Akapezeka kuti atha musinthe onse 6. Ndikudziwa ndalama zake ndi zowawa koma kuika latsopano limodzi pakati pa okalamba asanu ndi kutaya ndalama, okalambawo amalikoka mpaka nalo lifanane nawo pa miyezi yochepa.

Pakadali pano pali zinthu zoti muchite zosalira ndalama. Tchajani mukangomaliza ntchito mabatire akadali ofunda, musadikire mmawa, batire lozizira limalandira moto movuta ndipo limatenga nthawi yaitali, nde tchaja isiyeni imalize yokha osaizula chifukwa choti mwaona kuti maola akwana. Magetsi akazima usiku pakati tchaja isanamalize, dziwani kuti mmawa mukunyamuka ndi mabatire osadzadza, izi zikachitika masiku atatu anayi motsatana mapuleti amayamba kuchita zoyera zolimba zija amati salifeti, ndipo zikalimba sizichokanso. Masana alendo akamadya kalumikizeni ku tchaja, sikulakwa. Matchaja ena amakweza okha voteji kukazizira, akale ambiri satero, ndi chifukwa chake nyengo ino mabatire amakhala osakhuta ngakhale nyali yobiriwira yayaka.

Madzi. Tsegulani zitsekero muone mwezi uliwonse, mapuleti asaonekere pamtunda. Thirani madzi a batire ogula aja, distilled, osati a pampopi kapena pa mjigo chifukwa ali ndi mchere umene umawononga mapuleti, ndipo asidi musaonjezere. Muzithira mukamaliza kutchaja, chifukwa madzi amakwera batire likamatchajidwa nde mukadzadza poyamba amasefukira. Pokhapokha ngati mapuleti ali pamtunda, apo thirani pang'ono ongowamiza kenako mutchaje.

China chimene ndimaona kwambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi chinyontho. Chiperoni chija, mphepo yochokera cha ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone, chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa masiku angapo osaona dzuwa. Mukatukula mpando mupeza pamwamba pa mabatire pali fumbi lofiira lonyowa, mmitu momangirira mawaya mwamera zoyera zobiriwira ngati ufa. Dothi lonyowa losakanikira asidi limadutsitsa magetsi pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo mutu wa dzimbiri umatsekereza mphamvu pamene kangolo kakuifuna pa chitunda. Sungunulani soda wophikira supuni imodzi mkapu ya madzi, mutsuke ndi kamswachi kakale zitsekero zili zotseka kuti asalowe mkati, mupukute, mumange manati bwino kenako mupake Vaseline. Valani magolovesi, mphete ndi wotchi muvule, sipanala isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi. Matayala nawo muwapope, kukazizira mpweya umatsika, ndipo tayala lofewa pa udzu wonyowa ndi matope limadya moto wambiri.

Abwana akamaganiza zogula a lithiyamu, ndi opepuka, safuna madzi ndipo sagwa msanga pa chitunda, koma tchaja yake ndi ina, yakaleyo musagwiritse. Vuto lake lalikulu pa kuzizira ndi loti satchajidwa kukafika pa madigiri 0, amawonongeka mkati, nchifukwa chake abwino amakhala ndi kabokosi kotchedwa BMS kamene kamadula kokha. Izi zimavutitsa anthu a ku Canada ndi ku Ulaya kumene kumagwa chipale, kuno mwina pamwamba pa phiri la Mulanje cha ku Sapitwa, osati pa loji yanu.

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi sola panyumba, panelo imodzi ndi batire la 12 volts, timaunikira ndi kutchajitsa mafoni a anthu. Chiperoni chikagwa magetsi amazima 8 koloko isanakwane ana akuwerenga. Ndilifunditse bulangete? Mayi wa ana atatu, Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Mayi, bulangete silithandiza chifukwa batire si munthu kuti lili ndi kutentha kwake koti kusungike, komanso litseka mpweya uja ndanena pamwambapa. Ingoliikani mnyumba pa thabwa, pouma podutsa mphepo, patali ndi moto ndi ana. Vuto lanu lalikulu si kuzizira koma njala, nkhungu ikaphimba phiri masiku atatu panelo imapereka kamoto kochepa kwambiri pomwe inu mukutulutsa ngati masiku onse. Batire lanu likadzadza limaonetsa 12.7, likafika 12.1 latsala theka ndipo pamenepo mpofunika kuleka. Masiku a nkhungu chepetsani mafoni a makasitomala, musiye mababu awiri okha a ana owerenga, mupukute panelo, ndipo kontrola, kabokosi kaja ka pakati pa panelo, batire ndi mababu, musaidumphe polumikiza mawaya molunjika ku batire ngakhale wina akuuzeni kuti akatero magetsi amakhalitsa, iyo ikadula ndiye kuti ikuteteza batire. Chiperoni chikapitirira masiku anayi asanu, linyamuleni pa kabaza mukalitchajitse ku magetsi pa Chitakale pomwepo lidzadze, musalisiye lili lopanda moto mpaka dzuwa lidzatuluke.